Madzi Akadzaza, Ana Akwere Sitima

Chinde, 3 Sepitembala 1911

Mng'ono wanga Elisha,

Moni kwa iwe ndi onse a kwathu ku Nyachikadza. Muli bwanji kumeneko? Uyambe wakhala pansi usanapitirize kuwerenga, paja maondo ako sachedwa kugwedera. Ndine Pedro, mkulu wako, yemwe uja unkamubera nsomba m'mono n'kumanamizira katumbu. Ndili moyo.

Ndikudziwa kuti zaka ziwiri zino mwavutika mumtima. Tsiku lija tinali kutsika Zambezi, ine ndili kutsogolo kwa sitima ndi nsungwi yanga yoyezera madzi. Sitima inagunda mchenga, ine chubwi. Madzi anandikokera kunsi kwa chibwato cha katundu chimene timamangirira m'mbali, ndipo anzanga sanandionenso. Ndinakatsakamira m'bango kutali, asodzi n'kunditola. Ndisanapeze mphamvu anafika masupayi, apolisi a Apwitikizi aja, n'kundifunsa chiphaso cha msonkho. Munthu wovuulidwa m'madzi angakhale ndi pepala? Ananditengera kumunda wa nzimbe wa mzungu wina, ndipo kumeneko kalata situluka, munthunso satuluka. Ndathawako mwezi wa Juni.

Tsopano ndili kuno ku Chinde, kumene mtsinje umathera. Ndapeza ntchito yophika m'sitima ina ya chigudumu kumbuyo. Zoyeza madzi ndasiya, ndaona kuti pamoto m'pabwino.

Nkhani yeniyeni ndi iyi. Kaputeni wathu ndi munthu wa nkhope yowawa, koma amakonda buledi wanga. Wandilola kuti madzi akadzaza, sitima n'kumafika pa Port Herald, ndidzakweze banja langa. Ndikufuna mkazi wanga Otilia abwere ndi ana, Mariya ndi Paison, tidzatsike limodzi Shire yense mpaka kunyanja ya mchere. Ndisanachoke ndinamulonjeza Mariya kuti ndidzamuonetsa madzi opanda tsidya, iye n'kunditsutsa kuti oterowo kulibe. M'munda wa nzimbe muja chimene chinkandidzutsa m'mawa ndi mkangano umenewu, poti sitinaumalize. Paison ndinamusiya ali kumsana, lero ayenera kuti akuthamangitsa nkhuku.

Uwawerengere amake Mariya kalatayi pang'onopang'ono, asadzidzimuke. Ulendowu ndausiya m'manja mwako, uwakonzekeretse. Undiyankhe msanga, undiuze za aliyense, ngakhale za galu.

Ine mkulu wako,
Pedro

*

Nyachikadza, 9 Okutobala 1911

Achemwali a Helena,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu kumeneko ku Chiromo. Ife kuno matupi ali bwino, koma mudzi wonse wachita zii.

Kwabwera kalata ya achimwene a Pedro. Akuti ali moyo, ali ku Chinde, akuphika m'sitima. Dzanja ndi lawo, ngakhale chipongwe chake ndi chawo ndithu.

Inu munalipo pamene anzawo a m'sitima anabwera ndi chipewa chawo. Munalipo pamene tinafunafuna m'bango ndi miyadiya, mabwato athu aja, mpaka mwezi kutha. Kenaka tinachita zimene timachita munthu akatengedwa ndi madzi. Tinadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu ndi m'mphasa, n'kukaliika m'manda kuti mzimu wawo upeze pogona. Tinalira, tinameta. Chaka chitatha akuluakulu ananditenga ine n'kundilowetsa m'nyumba ya alamu anga a Otilia, kuti ana asasowe bambo. Sindinapemphe, inunso munavomera. Lero khanda langa likuyamwa bere la mkazi wa munthu wamoyo.

Kalatayo ndinaiwerenga pabwalo. Nditatchula dzina, azimayi anayamba kukoka ana awo n'kumachoka mmodzimmodzi. Amalume anati pepala lochokera kwa munthu woikidwa m'manda lisagone m'nyumba. Alipanikiza pamphanda ya mtengo wa msawu kunja kwa mudzi, ndipo anthu asiya kudzera njira imeneyo. Amake Mariya sanalire. Anabereka mwana kumsana, kutenga khasu, n'kupita kudimba, kumene anakhala mpaka dzuwa kulowa osalima kanthu. Ana sitinawauze.

Achimwene akufuna mkazi wawo ndi ana akwere sitima madzi akadzaza, ndipo wokonza ulendowo akuti ndikhale ine. Ndiwayankhe chiyani? Ndakondwa kuti ali moyo, Mulungu ndi mboni. Koma Paison akandithamangira n'kumati baba, ndimalakalaka kalatayo ikanamira panjira, kenaka ndimadzida ndekha. Ndithandizeni nzeru.

Mlongo wanu,
Elisha

*

Chiromo, 21 Okutobala 1911

Elisha,

Moni, ife tili bwino, koma kutentha. Kalata yako ndinaiwerenga nditaimirira, ndinaimaliza ndili pansi.

Kodi kusukulu ya mishoni tinkapitira limodzi kuja iwe unkakatolako chiyani? Akufa salemba makalata, ndipo wapositi sadziwa njira ya kumanda. Kachotse pepalalo mumtengo mvula isanalinyowetse. Amalume akakufunsa, uwauze kuti ndakutuma ndine.

Ndikulankhula molimba chonchi, komatu nanenso tulo sindikutiona bwino. Nsalu imene tinakulungira thunthu lija inali yanga. Pomanga mphasa ndinkalitchula dzina, ndinkaliuza kuti ligone, lisavutitse ana. Tsono amene ndinkalankhula naye uja anali ndani?

Mulembere zoona, zonse, lero lomwe. Palibe amene anaba mkazi wa mnzake. Koma ukachedwa, iye n'kumagula tinsalu ta ana ndi mtima woyera, pamenepo mpamene udzakhale wakuba. Ine sindingachoke kuno mpaka Khirisimasi, alamu ako akudwala malungo. Ndikadzafika ndidzapeze wamulembera.

Helena

*

Nyachikadza, 12 Novembala 1911

Achimwene a Pedro,

Moni wochuluka kuchokera kwa tonse. Kalata yanu inafika, ndipo tinadabwa kwambiri. Tikuthokoza Mulungu amene anakuvuulani.

Kuno tili bwino. Thonje chaka chino silinachite bwino, mbewa zinatithera mapira, koma mbatata zakudimba zatisunga. Galu uja anagwidwa ndi ng'ona. Mariya wakula, amatunga madzi yekha. Paison amalankhula kwambiri. Amake Mariya ali bwino, akupereka moni.

Za ulendo, tikuganizabe. Madzi panopa ndi ochepa, pena munthu akuwoloka Shire osanyowetsa nsalu, ndipo sitikudziwa ngati mvula idzagwa yokwanira. Komanso ana ndi aang'ono. Paison sakhazikika, angathe kugwa monga munagwera inu. Udzudzu wa m'dambo la Ndindi mukuudziwa. Mwina tidikire chaka china.

Amalume andituma ndikufunseni izi, musakhumudwe. Akuti chipsera cha mbedza chija chili mwendo uti? Akutinso mukaima padzuwa, chithunzithunzi chanu chimaoneka bwinobwino?

Pali zina zofunika kukambirana pamaso, zosayenera pepala.

Mng'ono wanu,
Elisha

*

Chinde, 10 Disembala 1911

Amake Mariya,

Moni, mkazi wanga. Mwadzuka bwanji ndi ana? Kalata iyi ndalembera inu, Elisha angondibwereka pakamwa. Elisha, uwerenge zonse, usadumphe.

Muwauze amalume kuti chipsera chili mwendo wamanzere, ndipo mbedzayo inali yawo, anaiponya ataledzera. Chithunzithunzi ndili nacho, changowonda pang'ono. Ukalamba wawaphunzitsa nthabwala zachilendo.

Za madzi musade nkhawa, pofika Epulo sitima idzakhala ikufika pa Port Herald. Mverani tsono zokonzekera. Mutenge mphasa ziwiri ndi zofunda, chifukwa m'mamawa pamtsinje pamazizira. Chakudya musavutike nacho, wophika ndi mwamuna wanu. Malo ndakupezerani pansi, pafupi ndi khitchini, pamene utsi umathamangitsa udzudzu. Azungu amakhala pamwamba, sadzativuta. Paison tidzamumanga chingwe m'chiuno ngati kambuzi, nsonga inayo pamzati, poti m'mphepete mwa sitima mulibe chotchinga. Mumuuziretu Mariya kuti chigudumu chimasokosa kwambiri ndipo mluzu ukalira asathawe. Sitima siyenda mumdima, timaimangirira kumtengo. Timaimanso kawirikawiri kutenga nkhuni, ana azidzatsika kuwongola miyendo. Adzaona mvuu zambirimbiri, adzaona phiri la Morambala likutiperekeza tsiku lonse, adzaona pamene Shire amalowa m'Zambezi, madzi amitundu iwiri akuyenda moyandikana osasakanikirana.

Ndatumiza nsalu yanu, kadiresi ka Mariya, ndi kachipewa ka amalinyero ka Paison. Misinkhu ndangoyerekeza. Zikachepa musandiseke.

Koma amake Mariya, bwanji m'kalata ya Elisha mulibe mawu anu, koma moni wouma? Mwandikwiyira kodi? Ngati mukuganiza kuti ndinali ndi mkazi wina zaka ziwiri zija, mudzaone msana wanga, ukuuzani kumene ndinali. Ndakusowani kwambiri.

Pali chinthu china chimene sindinauze munthu. Kuyambira kumunda wa nzimbe ndimalota loto limodzimodzi. Ndimakhala ndakulungidwa m'mphasa, ndamangidwa zolimba, thupi lonse lozizira ndi lamadzimadzi, anthu akuimba pamwamba panga. Mawu anu ndimawamva bwino pakati pa onsewo. Ndimayesa kukuitanani, koma ndimapezeka ndilibe pakamwa. Ndikhulupirira ndikadzaona ana lotoli lidzatha.

Mundiyankhe ndi mawu anu enieni.

Mwamuna wanu,
Pedro

*

Nyachikadza, 4 Januwale 1912

Baba wa Mariya,

Muli tani kweneko? Olemba kalatayi ndi achemwali anu a Helena, koma mawu ndi anga, Otilia. Ndawauza alembe monga ndikulankhulira, asakonze. Takhuta, tathokoza kwambiri chifukwa cha nsalu. Kadiresi kamukwana Mariya. Kachipewa Paison amagona nako.

Sindinakwiye. Loto lanu lija Elisha poliwerenga analephera kumaliza, anatuluka panja. Si loto chabe. Tinakuikani m'manda, baba wa Mariya. Tinakufunani mwezi wathunthu, ndipo thupi lanu litasowa tinaika thunthu la nthochi, ndipo amene munkamumva akuimba ndinedi. Ndinakulirani mpaka mawu anandithera. Chaka chitatha abale anu anandipatsa Elisha. Ndili ndi mwana wake wamwamuna, wayamba kukwawa. Elisha sanandibe, inenso sindinakuthaweni. Anaopa kukuuzani chifukwa amakukondani ndipo amakuopani, monga kale.

Titameta tinapita kumtsinje kukaitana mzimu wanu kuti ubwere kumudzi. Tinaukhazika m'kamphika patsinde pa mtengo wa mtondo uja wa kuseri kwa nyumba. Ife akulu timapitako pa nthawi ya nsembe yokha. Koma Mariya amapitako m'mawa uliwonse. Amagwada, kuomba m'manja, kuthira kaufa, n'kumakuuzani zonse, za nkhuku yake, za amene wamutukwana kuchitsime, za zimene walota. Palibe anamuphunzitsa. Ndi ine salankhula zambiri, koma ndi inu sathetsa nkhani.

Dzulo a Helena anawauza ana kuti bambo awo ali moyo, ali m'sitima. Paison analoza Elisha n'kunena kuti baba ndi awa. Mariya anangoti, baba ali kumtondo, ndalankhula nawo m'mawa.

Akuluakulu akuti simungaponde m'mudzi muno mpaka manda aja atafukulidwa, thunthu litachotsedwa, inu mutasambitsidwa mankhwala. Koma palibe amene akulola kugwira khasu. Aliyense akuti kufukula manda opanda mwini ndiko kuitana maliro ena.

Ine sitima sindikwera. Sindingathe kukhala mkazi wa anthu awiri obadwa mimba imodzi, ndipo khanda ili sindingalisiye, kapena kubwera nalo pamaso panu. Usiku ndi usana ndikuganiza za inu, ndipo sindikudziwa ngati ndikuganiza za mwamuna wanga kapena za malemu. Ana ndi anu, munalowola, palibe angakukanizeni. Chimene ndikuopa n'choti akakwera sitimayo sindidzawaonanso. Mundiuze zoona.

Otilia

*

Chinde, 17 Malichi 1912

Achemwali a Helena,

Moni. Ndikhulupirira alamu anachira. Ndakhala chete miyezi iwiri chifukwa zimene ndikanalemba sizikanakhala zabwino.

Ndiye kuti ine ndikudula nzimbe, chikoti chili pamsana, inu kumudzi munali kumwa mowa wa maliro anga. Mwezi umodzi wokha munandifuna. Mbuzi ikasowa timaifuna kuposa pamenepo. Ndikudziwa kuti ndi mwambo, ine ndemwe ndinanyamulapo thunthu la munthu wina ndili mnyamata. Kudziwako sikukundithandiza.

Otilia akhale ndi Elisha. Sindimuimba mlandu, ndipo Elisha mumuuze asandilemberenso za thonje. M'mudzi sindibwera, asavutike ndi makasu awo. Koma ana ndi anga. Sitima idzafika pa Port Herald sabata yotsatira Pasaka. Mubwere nawo inu, mudzatsike nawo mpaka kuno, kaputeni walola. Paison mumuveke chingwe chija.

Otilia wafunsa ngati adzabwerera. Anati ndimuuze zoona, ndiye zoona zake n'zoti sindikulonjeza. Anthu inu munandilanda mkazi, nyumba ndi dzina. Chotsala ndi ana awiriwa.

Mlongo wanu,
Pedro

*

Chinde, 24 Epulo 1912

Otilia ndi Elisha,

Moni nonse. Tafika bwino, ana ali bwino, palibe wadwala. Elisha, uwerenge mofatsa, ndipo nthawi ino usatuluke panja.

Za padoko munaziona nokha. Ine manyazi anandigwira pamene amalume anatapa mchenga n'kumuwaza Pedro kuti aone ngati azimiririka. Iye anangosasa malaya ake oyera aja n'kunena kuti, amalume, mwandidetsera zovala za ntchito. Mlamu, pamene munaima patali paja ndi mwana kumsana, iye anakuonani. Sitima itakhota anakhalabe akuyang'ana komweko mpaka mpunga unapserera.

Paison ndiye wadya ulendo. Mluzu utalira koyamba anadzikodzera, kachiwiri anauyankha. Chingwe chija chatithandiza, kangapo konse chinamubweza ali m'mphepete kufuna kugwira thovu la chigudumu. Mvuu iliyonse amaipatsa moni. Pedro amamutcha a Sitima. A Sitima ndipatseni buledi, a Sitima ndinyamuleni. Pedro amaseka n'kumunyamula, koma ndimaona kuti dzinalo limamulasa.

Nkhani ndi Mariya. Chikwerereni sanamuyang'ane bambo wake kumaso. Akamuitana amagwada chammbali, maso pansi. Tsiku loyamba Pedro anamuikira nsomba yabwino m'mbale. Mwanayo anatsina kachidutswa, kukaika pathabwa pafupi ndi mapazi a bambo wake, n'kuomba m'manja katatu monga amachitira kumtondo. Amalinyero amene anali pafupi anasiya kudya. Pedro anati, mwanawe, ine ndimadya ndi pakamwa, taona. Anatola kansombako n'kudya. Mariya anathawira kwa ine, ndinachita kumufunditsa nsalu yanga.

M'mawa wina, titadutsa pamene Shire amalowa m'Zambezi, ndinadzuka mwana palibe.  Ndinakamupeza kumbuyo, kuseri kwa mulu wa nkhuni, atagwada moyang'ana madzi. Kunali nkhungu, gombe losaoneka. Amalankhula momasuka, mawu amene ine sindinawamvepo pakamwa pake.

Amati, baba, ndi ine. Tili pasitima. Kamphika kanu ndakasiya, koma amati munalowera m'madzi ano, ndiye mwina mukundimva. Muno muli munthu wofanana ndi inu. Amaphika bwino, sakalipa, koma ndikumuopa. Akandiyang'ana maso ake amatuluka madzi. Kodi mumamudziwa?

Nditatembenuka ndinapeza Pedro ali chiimire kuseri kwa nkhuni zomwezo, atagwira ketulo. Anamva zonse. Anandigwedezera mutu kuti ndisamusokoneze mwanayo, n'kubwerera kukhitchini mwakachetechete.

Dzana anatitengera kunyanja ya mchere. Mlamu, ine wamkulu ndemwe ndinabwerera m'mbuyo. Madzi amenewo amabwera okha kwa munthu, kubwerera, kubweranso, ndipo kutsogolo kulibe kanthu. Paison anawalawa n'kulavula. Pedro anagwada pambali pa Mariya n'kumufunsa kuti, nanga tsidya lili kuti? Paja unkanditsutsa. Mwanayo anayang'ana nthawi yaitali. Ndinaona ngati wakumbukira kanthu. Kenaka anabisa nkhope m'nsalu yanga n'kundinong'oneza kuti ndimufunse munthuyo kuti nkhani imeneyo anamuuza ndani.

Tsopano mverani. Pedro wapeza kanyumba kabango kuno, ndipo walankhula kale ndi mayi wina woti aziyang'anira ana iye akakhala paulendo. Akuti ine ndibwerere ndekha sitima ikamakwera. Ndamudandaulira, ndamukalipira, ndamukumbutsa kuti ndinamubereka kumsana. Akungoti akazolowera. Mlamu, sindikubisirani, konzekani mtima.

Helena

*

Chinde, 6 Meyi 1912

Amake Mariya,

Moni. Muli bwanji ndi mwana wamng'onoyo? Ndamva kuti wayamba kuimirira. Elisha, nawenso moni. Werenga bwino, ino ndi yomaliza kukuvutitsa nayo.

Ana anu ali bwino. Paison wanenepa, ndipo waphunzira mawu awiri a Chipwitikizi amene mudzachite kumuletsa. Anthu a padoko onse akumudziwa.

Ndinatsimikiza mtima kuti ana atsala kuno. Ndinkati mwana ndi mwana, akadya za m'manja mwanga mwezi umodzi adzandizolowera. Achemwali analankhula mpaka kutopa, ine osamva.

Kuno ku Chinde ndi mchenga wokhawokha, mtondo kulibe. Mariya anafunafuna, n'kupeza mtengo wa kokonati kuseri kwa kanyumba kathu. M'mawa uliwonse amapita pamenepo ndi kaufa m'dzanja. Khoma lathu ndi labango, mawu amadutsa. Ine ndimakhala mkati, khutu pabango, ngati wakuba m'nyumba yanga yomwe. Mwana wanga ndamudziwira pamenepo. Ndadziwa kuti nkhuku yake ndi yamawangamawanga ndipo anaisiya ikukhalira mazira. Ndadziwa kuti dzino lake lakutsogolo likugwedera, koma sakufuna munthu aligwire. Ndadziwa kuti amaseka. Amake Mariya, mwanayu amaseka ngati inu, ndipo pamaso panga sanasekepo. Ndikatuluka kuti ndimupatse moni, amagwada, maso pansi, kudikira kuti ndidutse.

Lachisanu lapitali ananena izi, ndalemba monga ndinamvera.

Baba, madzi opanda tsidya aja ndawaona. Munanena zoona, ine ndinalakwa. Tsopano ndikufuna kwathu. Azakhali akuti a Sitima akufuna titsale. Ine sindingawauze, ndimaopa. Inu ndinu mzimu, akumverani. Muwauze atibweze kwa amayi. Simunandikanizepo kanthu, baba.

Ndinakhala pansi pomwepo mpaka dzuwa kukwera. Ndinafuna kuthyola bango lija, kumugwira mapewa, kumuuza kuti ndine ndemwe, palibe wina. Koma ndinaona kuti ndikatero ndimulanda bambo amene ali naye, ndipo amene ndingamupatse m'malo mwake ndi wophika wa m'sitima amene amamuopa. Zinandiwawa kuposa chikoti, sindikubisirani.

Tinyamuka Lachiwiri la sabata yamawa, madzi asanaphwe. Mudzadikire pa Port Herald, ana onse awiri ndidzakupatsani m'manja. Mudzafike pafupi ulendo uno, musadzaime patali. Sindidzatsika, amalume asunge mchenga wawo.

Manda aja musafukule. Kamphika musakachotse, ndipo wina asamuletse mwanayo kupita kumtondo. Mwina akadzakula adzafuna kudziwa kuti wophika uja anali ndani. Chaka chilichonse madzi akadzaza sitima idzafika, ndipo malo a pafupi ndi khitchini adzakhalapo. Asadzakakamizidwe.

Elisha, kwa iwe ndili ndi pempho limodzi. Nyumba imene ukugonamo ndinamanga ndine, ndikudziwa kuti khoma la kuseri lili ndi mng'alu. Nthawi zina m'mawa uzikhala pamenepo ndi pensulo. Zimene Mariya azinena kumtondo uzilemba, osakonza, n'kumanditumizira. Dzino lija likadzatuluka ndidzamve.

Ndipo inu amake Mariya, mukadzamulandira Mariya padoko, musadzamuuze kuti a Sitima anasintha maganizo. Mudzamuuze kuti anapempha bambo wake, ndipo bambo wake anamva.

Ine bambo wa ana anu,
Pedro